Festa ya M'munda wa Mayi Tiyamike

Mukafika pamsika wa Ntengo-Wambalame n'kufunsa kumene kumachitikira festa, chikondwerero cha nyimbo, aliyense adzakuuzani kuti mutsate msewu wa fumbi wokwera kumtunda, muwoloke kamtsinje, ndipo mukaona mitengo ya mapichesi mufunse munda wa Mayi Tiyamike Chagwa. Ndi mayi wamtali, wa manja okhakhala, wosachedwa pa moni. Mukawapeza akugwira ntchito amakuyankhani khasu lili m'manja.

Kwawo kwenikweni si kuno. Anabadwira ku Chidzolomondo, ku Macanga, m'banja la alimi a fodya. Nkhondo itafika m'mudzi mwawo anali atangoyamba kumene sukulu, ndipo anathawira ku Malawi ndi mayi awo, mng'ono wawo ali kumsana. Anakulira mumsasa wa othawa nkhondo, akudikira madzi pamzere ndi kutola nkhuni m'tchire la eni. Mtendere utabwera anabwerera kwawo ali namwali wosalankhulalankhula, wodziwa kusoka fodya mofulumira kuposa alongo awo onse.

A Sebastião, amene anadzakhala amuna awo, anawaonera paukwati wina komweko. Anali atabwera kudzaimba ndi mnzawo wa kumsasa, a Belmiro, mbadwa ya ku Chidzolomondo. A Belmiro ankaimba ng'oma zokhoma okha, za zikopa za mbuzi, pamene a Sebastião ankaimba viyola, gitala yakale ya nsambo zachitsulo, n'kumatsogolera nyimbo ndi mawu onenepa omveka mpaka kudambo. Chaka chotsatira a Sebastião anawatenga a Tiyamike chitengwa, kupita nawo kumapiri a Tsangano, kumunda umene bambo awo anawasiyira.

Kumeneko a Tiyamike anaphunzira ulimi wa kachewere: kusankha mbewu yophuka bwino, kukwezera mizere, kupopera chiwawu chisanagwire masamba, ndi kuthirira m'chilimwe ndi madzi a m'ngalande yochokera kuphiri. Amuna awo ankalimanso, koma khasu ankaligwira ngati munthu amene akumvetsera chinachake chapatali. Kukakhala ukwati, ubatizo, kapena kwaya yosowa woiphunzitsa, munda unkatsala ndi mayi. Iwo sankadandaula kwenikweni.

"Bambowa akakhala kumunda amaimbira kachewere," ankatero. "Ndiye bola apite akaimbire anthu, mwina n'kubwerako ndi kanyama."

Festa inayamba chifukwa cha mwana wawo woyamba, Lídia. Mimba yake yoyamba inakwana pakati pa dzinja. Matenda atamuyamba masana, mwamuna wake Domingos anamanga ng'ombe pangolo, a Tiyamike n'kukwera ndi nsalu ndi beseni. Pakamtsinje paja ngolo inatitimira m'matope, ng'ombe zinakoka mpaka kugwada, koma sinasunthe. Mwana anabadwira pomwepo, pansi pa lona, chinsalu chotchinga mvula, mvula ikugwa, agogo ake akumulandira. Lídia anataya magazi ambiri. Amuna a m'mudzi wapafupi ndiwo anamunyamula pamachira mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'derali, milomo yake itatuwa. Anachira, ndipo mwanayo anamutcha Chiyembekezo.

Namwino wa pachipatalapo, a Alice, anali mayi wa ku Tete wotumizidwa kuno ndi boma. Tsiku lotulutsa Lídia anawakokera a Tiyamike pambali, akuwatchula mãe, kutanthauza amayi.

"Mãe, akutali ngati inu amayenera kubwera kudzadikirira pano masiku akayandikira. Koma ndiwagoneka pati? Kanyumba kodikiriramo kanagwa ndisanafike n'komwe. Ena amagona pakhonde ndi mphepo iyi, ena amangobwerera kwawo."

A Tiyamike anakafotokoza zimenezi kunyumba, akusenda nyemba. Amuna awo anamvetsera mpaka kumapeto osadula mawu, zimene sizinkachitika kawirikawiri.

"Mayi a Lídia, tikakumba kachewere munda uja umangokhala. Bwanji tiitane anzathu adzaimbe pamenepo? Wofuna kuonera abwere ndi njerwa, kapena mtengo, kapena ndowa ya nyemba yodyetsera omanga kanyumba kodikiriramo kaja."

"Njerwa asenze kukwera phiri lino, kenako ife tizitsitsenso?"

"Akatule kuchipatala konko. Anamwino aziwapaka pachala mankhwala aja a buluu a pazilonda. Wa chala cha buluu alowe."

Anaseka onse awiri, koma zinachitikadi motero. A Tiyamike anavomera munda wawo ataika malamulo awo. Mowa wa mtundu uliwonse usalowe. Festa iyambe m'mawa, ithe dzuwa likadalipo, kuti ana ndi amayi akafike kwawo kukuwala. Ndipo kutsogolo kwenikweni, pansi pa lona, pakhale amayi oyembekezera, ena onse kumbuyo. Amuna ena anang'ung'udza kuti festa yopanda kachasu ndi Misa chabe. A Tiyamike anaima okha polowera, ndipo amene ankanunkha ankabwezedwa mwaulemu, chala chake cha buluu chili chomwecho.

Festa yoyamba inali yaing'ono. Kamiyau wa wogula kachewere wina, galimoto yaikulu ya katundu, ndiye anali nsanja, jeradori wa magetsi anabwereka kwa wometa tsitsi wa pamsika. Kunabwera makwaya a mipingo iwiri, aphunzitsi atatu okhala ndi gitala imodzi, ana a sukulu ovina, ndi a Belmiro amene anayenda tsiku lathunthu kuchokera ku Macanga, ng'oma zitamangidwa kumbuyo kwa njinga yamoto. Ana ankathamangitsana m'mizere yokumbidwa n'kumatola kachewere wotsalira. Chaka chimenecho maziko anakumbidwa. Festa yachiwiri itadutsa, makoma anafika pamwamba.

Kenako, m'nyengo yokolola nyemba, a Sebastião anagwa m'munda. Domingos anawapeza atagona chammbali, pakamwa patakhota, maso akuyang'ana koma osatha kunena kanthu. Kuchipatala chachikulu anati ndi trombozi, matenda opha ziwalo. Anabwerako amoyo, koma dzanja lamanja linali litafa, mwendo wamanja ankachita kuukoka, ndipo mawu anali atapita. Anatsala ndi liwu limodzi lokha, loti "basi". Akafuna madzi ankati basi. Akamva ululu, basi. Chiyembekezo akawakwera pamwendo n'kuwakoka ndevu, basi. Zonse zimene munthu ankanena ankazimva, ndipo nkhope inkaonetsa, koma yankho linkatuluka lomwelo.

Masabata oyamba anthu ankabwera kudzazonda. Ena ankawakuwira m'khutu ngati agontha. Amayi ena ankangolowa n'kuyamba kulira ngati pamaliro. Ena ankanong'onezana pakhonde za amene angakhale atawachita zimenezi. Tsiku lina alendo atachoka, a Tiyamike anapeza amuna awo atatembenukira kukhoma, misozi ikutsikira m'ndevu. Kuyambira pamenepo anasamutsira mpando wawo kuseri kwa nyumba, koyang'ana kumapichesi, ndipo aliyense wobwera ankauzidwa kuti bambo agona. Viyola anaikulunga m'thumba la feteleza n'kuiika pamwamba pa kabati. Pawailesi pakayamba nyimbo ankatseka, poganiza kuti zingawapweteke mtima.

Mwezi wa Meyi a Belmiro anatulukira panjinga yawo. Atakhala ndi mnzawo kuseri kwa nthawi ndithu, anabwera kukhitchini kumene a Tiyamike ankasankha mbewu pamodzi ndi Lídia.

"Alamu, nanga festa chaka chino?"

"Kulibe festa, alamu. Mwawaona anzanuwo."

"Ndawaona. Ndadutsanso pachipatala. Makoma aja anamangidwa ndi dothi, opanda simenti, ndipo apirira kale dzinja limodzi opanda denga. Lina sapirira."

"Amayi, n'zoona," anatero Lídia. "Khoma la kumadzulo layamba kale kung'aluka. Anamwino akuti akadali ndi amayi ogona pakhonde."

A Tiyamike anapitiriza kusankha mbewu. Madzulo, akuwapatsa amuna awo phala, anafunsa. "Bambo a Lídia, akuti tichite festa. Inu mukuti bwanji?"

A Sebastião anawayang'ana nthawi yaitali, milomo ikulimbana ndi chinachake. "Basi," anatero.

Kaya kunali kuvomera kaya kukana, panalibe wodziwa. M'mawa mwake a Tiyamike anauza a Belmiro kuti munda ulipo. "Koma bambowa anthu asawaone. Sindifuna aziwayang'ana ngati katundu wa pamsika."

Loweruka la festa, mu Julaye, kunacha ndi nkhungu yoti munthu sankaona ng'ombe ili m'khola. Dzuwa litakwera inayera, ndipo anthu anayamba kutulukira m'njira zonse. Chaka chimenecho ankatula kuchipatala mitengo ya denga ndi misomali, ndipo mipingo ndi magulu a alimi anasonkherana malata. Anthu anachuluka kuposa kale. Ambiri anali atamva za matenda a mwini festa, ena anachokera kumidzi imene inali isanabwereko.

A Tiyamike anawasambitsa amuna awo, kuwaveka jekete ndi chipewa chaubweya, n'kuwakhazika kuseri padzuwa, tiyi ali pafupi, ndodo itatsamira mpando. Munda wa festa suoneka kuchokera panyumba, chifukwa pakati pali dimba ndi kamtunda, koma phokoso la oyesa zokuzira mawu linkafika bwinobwino. Potembenuka kuti azipita, anamva chitenje chikukokedwa. A Sebastião anali atachigwira ndi dzanja lamanzere.

"Basi. Basi."

"Ndibwera masana ndi chakudya," anatero a Tiyamike, n'kumasula zala zija chimodzichimodzi.

M'mawa wonse anali pachiwaya, akukazinga kachewere ndi amayi anzawo, uku akuyang'anira polowera, uku akutuma anthu kukatunga madzi. Makwaya anaimba, ana anavina, jeradori anazima kenako n'kuyakanso. Dzuwa lili pamutu anatenga mbale, kuivundikira ndi ina, n'kudutsa chidule cha m'dimba kupita kunyumba.

Mpando unali wopanda munthu. Kapu ya tiyi inali itagubuduka, ndodo palibe.

Anaitana. Analowa m'nyumba, kuchipinda, kukhitchini, kuchimbudzi. Anasuzumira m'khola ndi kuseri kwa nkhokwe. Munthu amene kuyambira tsiku lodwala sanapiteko patali kuposa chimbudzi popanda womugwira, sanali paliponse. Kenako maso awo anagwera kumunsi, kudimba, kumene kuli chitsime chothiririra, chachikulu, chopanda chivundikiro. Anakumbukira misozi ija, ndi zala zimene anazimasula m'mawa. Mbale inawapulumuka.

Anathamangira kuchitsime. Madzi anali obiriwira, osaonetsa pansi. Mnyamata wina wodutsa anamutuma kuti akaitane Lídia ndi Domingos mwakachetechete, asauze wina aliyense. Domingos atafika sanafunse zambiri. Anavula malaya, kutenga nsungwi yaitali, n'kuyamba kufufuza m'madzimo ngodya ndi ngodya, apongozi ake atagwira pakamwa. Nsungwi inkangobwera ndi ndere.

"Mulibe, amayi," anatero pomaliza. "Ndithu mulibe."

Lídia ndiye anaitana kuchokera kumtunda. Anali ataona mapazi pafumbi: nsapato yamanzere yodinda bwino, mzere wokokeka pambali pake, ndi timaenje ta ndodo. Mapaziwo sanalowere kudimba. Anazungulira nyumba, kudutsa pabwalo, n'kutsata njira yotulukira kumsewu. Pena pake panali posonyeza kuti munthu anagwa n'kudzukanso. Pamsewu anasokonekera m'mapazi a khamu ndi m'mikwasa ya ngolo. M'mbali mwake, muudzu, munali nsapato imodzi, yamanja.

Kumtunda msewuwo umapita kufesta mozungulira. Kumunsi umatsikira kukamtsinje, pamene pali kamlatho ka matabwa ka oyenda pansi, kopanda zogwirira. A Tiyamike anatola nsapatoyo n'kuthamangira kumunsi, poganiza kuti munthu wokoka mwendo sangasankhe chitunda. Anayang'ana pansi pa mlatho, analowa m'madzi ozizira mpaka m'mawondo, akupatula mabango ndi manja. Munalibe kanthu. Kumtunda ng'oma za a Belmiro zinali zitayamba, anthu akukuwa mokondwa.

"Amayi, tiyeni tikalengeze," anatero Lídia ali pamlatho. "Anthu onsewa akabalalika tiwapeza msanga."

Chimenechi n'chimene a Tiyamike ankachiopa miyezi yonseyi: kuima pamaso pa khamu n'kutchula za amuna awo. Anatuluka m'madzi, kufinya chitenje, n'kunena kuti akalengeza okha.

Anakwera chitunda nsapato ili m'manja. Anadutsa pakati pa anthu osayankha moni, kulunjika kukamiyau. Akudutsa pambali pa lona wa amayi oyembekezera, wina anawagwira mkono. Anali a Alice, amene anali atangofika kumene kuchokera kuchipatala, zala zawo zili buluu.

"Dona Tiyamike, mwanyowa chonchi bwanji? Ndimati ndikuyamikireni kuti mwachita bwino kuwatulutsa bambo."

"Bambo ati?"

A Alice analoza. Pakati pa amayi a mimba zazikulu, pamphasa, panali mwamuna mmodzi yekha, atatsamira mtengo wochirikiza lona. Anali atafunda chitenje cha maluwa cha munthu wina, phazi limodzi lopanda nsapato, bondo la buluku litang'ambika. M'dzanja lamanzere anali ndi chidutswa cha nzimbe yosendasenda. Mutu unkagwedezeka motsatira ng'oma.

A Tiyamike anakhala pansi pomwepo, pafumbi. Lídia anafika pambuyo pawo n'kuyamba kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

Mayi wina wachitsikana amene anakhala pafupi ndi a Sebastião anadabwa nazo. Dzina lake anali Zaida, wa kumudzi wakutali kuseri kwa phiri, ndipo festayi anali kuiona koyamba.

"Kodi ndi abale anu? Ife tawapeza atakhala m'mbali mwa msewu, ife tikubwera pangolo. Tawafunsa kwawo, akuti basi. Tawafunsa ngati akudwala, akuti basi. Koma ndodo amangolozera kuno. Ndiye amuna anga anawanyamula n'kuwakweza. Pofika pano tinaona kuti sangathe kuima, ndiye tinati akhale nafe. Talakwitsa?"

"Simunalakwitse, mwanawe," anatero a Tiyamike. "Ndi amuna anga. Munda uno ndi wawo."

Zaida anagwira pakamwa. Anthu a pafupi sanawazindikire chifukwa onse anali kumbuyo kwa lona, ndipo a Sebastião anali ataonda, ndevu zitakula, chipewa chitafika m'maso.

A Tiyamike anakwawira pafupi, kuwaveka nsapato ija, n'kuwapukuta fumbi pabondo. "Bambo a Lídia, mwandipha lero. Ine ndalowa mumtsinje kukufunani. Tiyeni kunyumba, Domingos akuberekani."

A Sebastião anataya nzimbe n'kukolowetsa mkono wamanzere pamtengo wa lona. Sananene ngakhale basi. Anangowayang'ana akazi awo, nsagwada zitalimba.

Nthawi yomweyo ng'oma zinaleka pakati pa nyimbo. A Belmiro anali atawaona ali pamwamba pa kamiyau. Mphunzitsi woimba gitala naye anasiya, ndipo anthu anayamba kusuzumira kuti aone chimene chachitika. Dzina linayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ndi a Sebastião. A Sebastião ali pano. Ena anakwera pangolo kuti aone bwino. A Tiyamike anaimirira n'kuima kutsogolo kwa amuna awo, ngati angawaphimbe ndi thupi lawo kwa anthu onsewo.

A Belmiro sanalankhule pachimkuzamawu. Anawerama n'kunong'oneza mphunzitsi woimba gitala uja, kenako anayamba kugunda pang'onopang'ono. Inali nyimbo imene a Sebastião anapeka chaka chawo choyamba cha ukwati, pamene mkwatibwi wa ku Macanga ankalira ndi kuzizira kwa kuno n'kumaopseza kuti abwerera kwawo. Kuno aliyense amaidziwa, chifukwa yaimbidwa m'maukwati ambiri. A Belmiro si katswiri wa mawu, choncho anangoiyamba mong'ung'udza, kudikira kuti anthu ailandire.

Amene anailandira anali kumbuyo kwa a Tiyamike. Poyamba anayesa kuti ndi mmodzi wa amayi aja. Kenako Zaida anakuwa.

"Akuimbatu! Bambowa akuimba!"

A Tiyamike anatembenuka. Pakamwa pokhota paja pankatuluka mawu, osasa, otsika, koma mawu enieni, lililonse m'malo mwake.

Mphepo ya ku Tsangano, pepa,
usandithamangitsire mlendo wanga.
Bulangete ndagula, nkhuni ndawaza,
akazolowera adzakukonda.

Domingos analumphira pakamiyau, kutenga chimkuzamawu, n'kutsika nacho mpaka pamene chingwe chinathera. Chinaperewera pang'ono, ndiye amayi oyembekezera aja anakoka mphasa yonse, a Sebastião ali pomwepo, kuisendeza kutsogolo. Mawu aja anamveka m'munda monse. Anthu anakhala chete ndime yoyamba yonse. Pobwereza, makwaya a mipingo iwiri ija anayankha pamodzi osapangana, kenako khamu lonse. A Sebastião anaimba nyimboyo mpaka kumapeto osaphonya liwu, ndipo pofika pa "mlendo wanga" ankaloza akazi awo ndi chibwano monga ankachitira kale. A Tiyamike anangoima, chitenje chikudontha madzi a mumtsinje, manja ali lende.

Nyimbo itatha anthu anabwera kudzapereka moni. Ena anawakuwirabe m'khutu. Mayi wina anayambadi kulira. Mkulu wina wa mpingo anafunsa mwaulemu kuti akupeza bwanji, ndipo a Sebastião anayesa, kuyesanso, n'kutulutsa "basi". Kenako iwo eni anayamba kuseka, kuseka kwa mbali imodzi, mapewa akugwedezeka, ndipo onse anaseka nawo. A Tiyamike ankayang'anitsitsa nkhope yawo kufuna misozi ija. Sanaione. Anabwerera kuchiwaya, koma anzawo anawalanda chipande n'kuwakhazika pathumba la kachewere, ndipo anakhala pamenepo mpaka festa inatha, osatuma munthu ngakhale mmodzi.

Anthu akubalalika, dzuwa likadali pamwamba pa phiri, a Alice anakhala nawo pathumbapo.

"Musaganize kuti achira, mãe. Mawa adzadzuka ndi basi wawo yemweyo. Koma zimachitika. Kuimba ndi kulankhula sizidutsa njira imodzi m'mutu, ndiye ina ikatsekeka ina imatha kutsala. Muziwatsegulira wailesi. Muziwafunsa zinthu moimba, mwina ena mwa mawu n'kubwerera."

"Ine ndinkatseka wailesi," anatero a Tiyamike.

"Ndiye muzitsegula."

Zinakhaladi monga ananenera. Dzanja silinabwerere, ndipo viyola a Sebastião sanaiimbenso, ngakhale kuti inatsika pakabati ndipo mphunzitsi uja amabwera Lamlungu masana kudzawaimbira. Mawu anabwerera ochepa, ndipo amatuluka bwino akawakoka ngati nyimbo: madzi, Lídia, dzuwa, iyayi. Liwu lomalizali a Tiyamike amati linabwerera ndi mphamvu zambiri kuposa ena onse. Mpando unachoka kuseri n'kubwera pakhonde loyang'ana kumsewu. Odutsa amaima, ena amalankhula zopusa, ena amangokhala nawo. Domingos anavundikira chitsime ndi matabwa sabata yomweyo, ndipo apongozi ake anaima pomwepo mpaka msomali womaliza.

Denga linakhomedwa mu Okutobala. Nyumbayo ilibe pulasitala mpaka lero, ndipo chitseko chake ndi chakale chochokera kutchalitchi, koma ili ndi zipinda ziwiri ndi kakhitchini kumbuyo. Zaida sanaidikire. Anachira mu Ogasiti, mwana wamwamuna, atagona masiku angapo m'chipinda chosungiramo katundu cha a Alice.

Mitambo yoyamba itayamba kusonkhana, a Tiyamike anapempha Domingos kuti amange ng'ombe, apite ndi bambo akaone nyumbayo. Anapeza muli amayi atatu, wina akuphika nyemba, awiri akulukana tsitsi. A Sebastião anawakhazika pabenchi m'kati. Anayang'ana mitengo ya denga umodziumodzi, n'kugogoda khoma ndi ndodo. Ali momwemo mvula inayamba, madontho akuluakulu owerengeka, kenako yambiri, mpaka anthu osamvana. Amayi aja anathamangira kukaanula zovala. A Sebastião anatseka maso, ndodo ikugunda pansi motsatira phokoso la pamalata.

A Tiyamike sanakhale pansi. Anayendera zipinda zonse ziwiri atayang'ana kumwamba, dzanja litatambasulidwa. M'ngodya ya chipinda chachiwiri dontho linawagwera pachikhatho. Anasuntha mphasa imene inali pamenepo, kuikapo beseni, n'kutulukira pakhonde pamene Domingos anabisala.

"Ukadutse kwa kalipentala amene anakhoma dengali," anatero mokweza kuti amve. "Umuuze kuti msomali wina anaphonya mtengo. Mawa abwere ndi phula."